Sophia wa M'nyumba Yopanda Denga

Ntchito imene ndinaphunzira ndi yokhoma malata, koma m'komboni ya Chawama ndinatchuka ndi yozula. Ndinena poyera, pakuti ukalamba wandithera manyazi. Zaka zimenezo mwini nyumba akatopa ndi munthu wa lendi sankadzivuta ndi kulemba kalata kapena kuponda kukhoti. Ankangoitana ine, Benedict kalipentala, n'kundilozera denga. Ndipo ndinali katswiri, musandiderere. Msomali ndinkauzula mofatsa, kathabwa nditakaika pansi pa chitsulo kuti lata lisang'ambike, malatawo n'kuwasanja bwino pakhomo pa mwini wake kuti abwerere pamwamba wa lendiyo akangochoka. Palibe amene ankapitirira masiku atatu. Loyamba ankatukwana, lachiwiri ankachonderera, lachitatu unkangoona mitolo ikutuluka. Ine ndinkadziuza kuti sindithamangitsa munthu, ndimangozula misomali, ndipo tulo ndinkagona ndithu.

Mmodzi yekha ndiye sanachoke. Anali amayi Sophia, amene uthenga wa imfa yawo unandipeza mochedwa, ataikidwa kale ku Luanshya kumene ankakhala ndi mwana wawo wamkazi. Sindinakaponye dothi pamanda awo, choncho ndingolemba zimene ndinaona ndi maso angawa.

Ukakumana nawo panjira sukanacheuka kawiri. Anali mayi wamfupi, wochepa thupi, wolankhula motsitsa mawu moti pamsika, pomwe ankagulitsa tomato ndi tinsomba touma ta kapenta, ogula ankachita kuwerama kuti amve mtengo. Anabadwira pafamu ku Chisamba, kumene bambo awo, munthu wa ku Ntcheu, anafika wapansi kudzaweta ng'ombe za mzungu. Bambowo atamwalira, kapitawo anauza banja lonse kuti nyumba ndi ya ogwira ntchito, ndipo dzuwa lisalowe akadali momwemo. Sophia anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, anasenza mphasa. Atakula anakwatiwa ndi a Rodgers a ku Dedza, amene ankaphikira mzungu wina kumayadi, n'kumakhala m'kanyumba ka antchito kuseri. Ufulu utabwera mzunguyo analongedza, bwana watsopano anabwera ndi khukhi wakewake, ndipo banjalo linapatsidwa masiku awiri. Ndimo anafikira ku Chawama, m'chipinda cha kumapeto kwa mdadada wa ba Kapembwa. Anakhalamo zaka khumi ndi ziwiri osaphonyapo lendi ngakhale mwezi umodzi, a Rodgers akulondera nyumba yosungira katundu kumafakitale.

Mu Ogasiti 1977 lole inawomba a Rodgers panjinga mumsewu wa Kafue. Tinakawaika ku Chingwere. Abale awo a ku Dedza sanathe kufika, koma patapita masabata atatu inabwera kalata ya mkulu wawo. Inati: mlamu akhale m'nyumbamo, tikakolola tibwera kudzamusudzula.

Amene sanakulire m'mwambo wathu mwina sangamve kulemera kwa mawu amenewa. Mkazi wamasiye sadzichotsa yekha panyumba ya mwamuna wake. Amavala zakuda n'kudikira mpaka akuchimuna abwere, amumete, amuuze pamaso pa anthu kuti alibe naye mlandu ndipo ndi womasuka. Akachoka zisanachitike, amati wathawa maliro. Tsoka lililonse logwa pambuyo pake amaloza iyeyo, ndipo ngakhale anthu atapanda kuloza, mwini wakeyo mtima sukhala pansi mpaka kumanda. Amayi Sophia anapinda kalata ija, anaiika m'Baibulo, n'kuyamba kudikira.

Ba Kapembwa sanali mfiti, ndisawanamizire. Anali dalaivala wopuma wa ku Mbala, wamimba yake ndi chipewa chake, wokonda kuseka mokweza. Chimene chinawalowa ndi msewu. Chaka chimenecho anakonza njira yodutsa kumapeto kwa mdadada wawo, n'kuika mpopi wa madzi pafupi ndi khomo lenileni la amayi Sophia. Azimayi ankafola pamenepo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo ba Kapembwa akawayang'ana sankaona azimayi, ankaona golosale. Mu Novembala anagogoda pachitseko.

"Imwe ba Sophia, maliro yanasila kudala," anatero. "Nyumba ni yanga. Nifuna rumu yanga pa Sondo."

Amayi Sophia anagwada pakhomo pomwepo. Anati sakukana kuti nyumba ndi ya eni ake, akungopempha akhalemo mpaka akuchimuna atabwera. Ba Kapembwa anayankha kuti a ku Malawiwo akhoza kukawasudzulira pansi pa mtengo. Nkhani inafika kwa ba Mwewa, tcheyamani wa sekishoni yathu ya chipani, amene ankaweruza za nkhuku, za maukwati ndi za malire a zimbudzi. Ba Mwewa anati mayiyo asiyidwe mpaka mvula itatha. Ba Kapembwa anavomera ndi pakamwa, koma sabata yachiwiri ya Disembala anatuma uthenga kwa ine.

Ndinasankha nthawi imene amayiwo anali kumsika, monga ndinkachitira nthawi zonse, chifukwa kulira kwa munthu kumasokoneza dzanja. Malata anali asanu ndi limodzi. Ndikutsitsa lomaliza, ndinawaona akubwera ndi beseni pamutu. Anaima. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana bedi lawo lili poyera ngati la pamsika, kenaka anayang'ana ine. Ndinali nditakonzeka kutukwanidwa, pakuti mawu onse oipa a Chinyanja ndi Chibemba ndinali nditawamvapo ndili pamakwerero. Iwo anatula beseni n'kungondipatsa moni kuti, "Mwachoma bwanji, ba kalipentala?" Ndinayankha mopusa kuti ndachoma bwino. Anandipempha chinthu chimodzi chokha, chakuti mitengo ya denga ndiisiye. Ndinaisiya, ndikuganiza kuti mayiyu chisoni chamusokoneza mutu.

Mvula inayamba madzulo a tsiku lomwelo. Tsiku lachitatu linakwana, mitolo osatuluka. Sabata inatha. Ba Kapembwa anayamba kundiyang'ana ngati ndawagulitsa mankhwala osagwira ntchito, ndiye tsiku lina masana ndinadzera komweko kuti ndikaone.

Zimene ndinaona sindidzaziiwala. Matumba a feteleza, mphasa zawo ziwiri, ndi pulasitiki yomwe ankafundikira tomato kumsika, zonse anali ataziyala pamwamba pa makoma, kuzungulira chipinda chonse, n'kupsinja ndi miyala. Pansi anakumba kangalande kodutsa pakhomo kuti madzi azituluka. Bedi analikweza pa njerwa, sutikesi ya a Rodgers ikulendewera pamtengo wa denga itakulungidwa m'thumba. Amayi Sophia anali atakhala pakampando pakona, ambulera yothyoka ili m'manja, diresi lakuda litamatirira pathupi, akusankha kapenta m'lichero ngati palibe chachilendo.

Ine ndine mmisiri, ndinamva nthawi yomweyo. Makoma amenewo anali a zidina zosawotcha. Madzi akalowera pamwamba, khoma lotero silitha masabata awiri, limasungunuka ngati shuga. Ba Kapembwa sanaganizepo zimenezo, ngakhale ine amene, chifukwa denga linali lisanakhalepo pansi kupitirira masiku atatu. Mayi amene tinamuvula denga ndiye anali kufunditsa nyumba ya munthu womuthamangitsa, iye mwini akuvumbwa. Ndinafunsa chifukwa chake, ndipo anayankha osasiya kusankha kapenta kuti alamu awo akadzabwera ayenera kudzapeza nyumba, osati mulu wa matope.

Ndinamva pambuyo pake kuti m'mawa wotsatira tsiku limene ndinazula malata anavala nsapato za kutchalitchi n'kuyenda wapansi mpaka kukhoti kutauni. Komboni yonse inaseka. Ankati khoti ndi ya anthu a kumayadi okhala ndi mapepala a nyumba, ya Chawama ndi tcheyamani basi. Ankati mayi wosadziwa kulemba dzina lake akauza chiyani anthu ovala mataye. Ulendo woyamba anakhala pabenchi tsiku lonse osaitanidwa. Wachiwiri anauzidwa kuti abwere mawa. Wachitatu anapeza kuti wafola pamzere wa milandu ya maukwati. Wachinayi kalaliki wina anatopa ndi kuona diresi lakuda lonyowa pabenchi lomwelo, anawaitana, n'kulemba dandaulo lawo. Anawauzanso kuti ngati achoka okha m'nyumbamo, mlandu ukhoza kufooka, chifukwa adzanena kuti anatuluka mwa kufuna kwawo. Amayi Sophia sanafunikire kuuzidwa kawiri, pakuti mwambo unali utawauza kale zomwezo.

Azimayi a kutchalitchi anabwera kudzawatenga kuti azikagona kwa mmodzi wa iwo. Anakana. Chakudya ankalandira, chitenje chouma ankalandira n'kubweza chitachapidwa, koma kugona ankagona momwemo. Mwana wawo analemba kuchokera ku Luanshya kuti akwere sitima abwere, zamwambozo zidzaoneka, ndipo anakananso. Khirisimasi inadutsa, Januwale anadutsa. Mvula ya chaka chimenecho aliyense wa msinkhu wanga akuikumbukira, ndi ija inamiza Kanyama mu Febuluwale, nyumba zikugwa anthu akuona. Kwathu ku Chawama nakonso zinagwa zingapo, zadenga lawo bwinobwino. Chipinda chopanda denga chija chinaimabe. Mvula ikangodula, unkawaona amayi Sophia ali pamwamba pa mgolo akukonza matumba amene mphepo yasuntha, kenaka n'kutsika kukakapa madzi m'chipinda ndi chitini.

Kuseka kunatha pang'onopang'ono. Azimayi a pampopi, amene phokoso lawo linkamveka mpaka kumsika, anayamba kutsitsa mawu akafika pamenepo. Anthu ochokera ku sekishoni zina ankadzera njira imeneyo dala, n'kudutsa akuyang'ana chipindacho. Ine ndinaleka kugona tulo tabwino tija. Amayiwo anali atayamba kutsokomola chifuwa chouma chomveka patali, ndipo mvula ikamalira padenga langa ndinkangomva chifuwacho.

Tsiku lina ndinasenza lata langalanga, latsopano, kuti ndikawaikire pakona pamene panali bedi. Anandithokoza mwaulemu wonse n'kundiuza kuti ndibwerere nalo.

"Amene anachotsa ndiye azabweza," anatero. "Ndipo azabweza na pepala."

Ndinapsa mtima, ndisaname. Ndinawauza kuti kuuma mutu kotero kumapha, ndipo pepala silinachizepo chifuwa cha munthu. Anangondiyang'ana ndi maso ofatsa aja mpaka ndinadzimva ngati mwana wogwidwa ndi dzanja mumphika. Ndinabwerera ndi lata langa pamutu, ana a pamsewu akundiseka.

Mlandu suwola. Mesenjala wa khoti anafika panjinga ndi mapepala awiri oitanira kukhoti, lina la ba Kapembwa, lina langa monga mboni. Ba Kapembwa anayenda nalo lawo m'mabala onse akunena kuti akawaonetsa a khotiwo kuti nyumba anamanga ndi thukuta la ndani.

Mlandu unalowa kumapeto kwa Febuluwale. Woweruza anali mnyamata ndithu, wamagalasi, wosakweza mawu. Ba Kapembwa analankhula nthawi yaitali za zaka zimene anayendetsa malole, za njerwa zimene anaumba, ndi kuti nyumba ya mwini saotchera mbewa. Woweruza anawalola kumaliza, kenaka anati palibe m'khotimo amene akutsutsa kuti nyumba ndi yawo. Anafunsa ngati mayiyo ali ndi ngongole ya lendi. Anati ayi. Anafunsa ngati anamulembera notisi, kalata yonena tsiku lotuluka. Anati anamuuza pakamwa, anthu akumva. Anafunsa amene anawapatsa chilolezo chochotsa denga munthu ali m'kati. Pamenepo ba Kapembwa anayang'ana chipewa chawo.

Ndinaitanidwa ine. Ndinagwira Baibulo, ndinatchula dzina langa lonse, ndinafotokoza zimene ndinachita. Woweruza anandifunsa kuti madenga amene ndazula motero ndi angati. Ndinati sindinawerenge, bwana. Anthu anaseka, koma iye sanaseke, ndipo kusaseka kwakeko kunandiwawa kuposa mbama.

Kenaka anafotokoza, womasulira akutembenuzira m'Chinyanja, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri a ife tinali kumva zimenezo koyamba. Anati mwini nyumba ali ndi ufulu wofuna nyumba yake, koma njira yake ndi imodzi. Alembe notisi, aike tsiku, apatse munthuyo nthawi yokwanira yopezera kwina. Tsikulo likakwana munthu osachoka, mwini nyumba satenga nyundo, amabwera kukhoti, khoti n'kuitana onse awiri n'kumva mbali zonse. Ndipo ngati pafika potulutsa katundu, otulutsa ndi amesenjala a khoti atanyamula chilamulo cholembedwa, osati kalipentala. Analamula kuti malata abwerere pasanathe masiku awiri, ndi kuti ba Kapembwa apereke notisi ya miyezi itatu, yothera tsiku lomaliza la Meyi.

Anafunsa amayi Sophia ngati amva, komanso ngati ali ndi chonena. Ine ndinkayembekeza kuti apempha chipukuta misozi cha mphasa zawo zowola ndi chifuwa chija. Iwo anaimirira n'kufunsa kuti tsiku lomaliza la Meyi ndi lachingati pasabata, ndipo nthawi yanji. Woweruza anavula magalasi, anayang'ana kalendala, n'kunena kuti Lachitatu, thwelofu koloko masana. Amayiwo anabwereza mawuwo chapansipansi kawiri. Tili panja ndinawamva akuuza mayi wina wa kutchalitchi kuti aka n'kachitatu kuchotsedwa m'nyumba, koma n'koyamba kuuzidwa tsiku ngati munthu. Ankaoneka okhutira, pakuti pofika Meyi ku Dedza amakhala atakolola.

Malata ndinawabweza ine ndemwe, ba Kapembwa akundipatsira limodzilimodzi, mdadada wonse ndi anthu a pampopi ataima n'kumaonerera. Nditachotsa matumba aja ndinapeza pamwamba pa makoma pali pouma ngati sipanagwe mvula. Ndinaitana ba Kapembwa kuti akwere aone. Anakwera, anagwira ndi dzanja, kenaka anatsika. Kuyambira tsiku limenelo sindinazulenso denga la munthu. Ndingakonde kunena kuti unali mtima wabwino, koma theka lake anali mantha a magalasi aja.

Katekisiti anawalembera amayi Sophia kalata yopita ku Dedza yotchula tsikulo. Marichi anatha, Epulo anatha. Loweruka lililonse ankasiya tomato wawo ndi mnzawo n'kupita kusiteshoni ku Kamwala kukaona otsika basi ya ku Chipata. Pakati pa Meyi yankho linabwera. Mkulu wa a Rodgers anali chigonere, miyendo itatupa, ndipo panalibe wina wokhala ndi mapepala odutsira malire. Mwina chaka chamawa, inatero kalatayo.

Tsopano komboni yonse inali mbali yawo, ndipo aliyense anasanduka loya. Ena ankati akhale chabe, ba Kapembwa akabwererenso kukhoti, zikatenga miyezi ina. Ba Mwewa anati alankhulapo. Ngakhale ba Kapembwa amene, omwe akazi awo anali atawadya mutu kuyambira tsiku la malata, anatuma mawu akuti za golosale zikhoza kudikira, mayiyo akhale mpaka abale adzabwere, kaya ndi liti. Tonse tinapuma kuti basi zatha bwino. Amayi Sophia anapita okha kukawathokoza, atagwada monga anagwadira mu Novembala, n'kukana.

"Pepala imene inabweza malata ndiye yakamba siku," anatero. "Siningadye mbali imozi chabe. Na chifundo chanu, bambo, nayamikira, koma chifundo chilibe deti. Mawa mungauke mwasintha."

Ba Kapembwa anandiuza okha mawu amenewa, akupukusa mutu, ndipo sanaseke. Ine ndinakwiyanso. Miyezi itatu m'mvula kuti asathawe maliro, lero atuluke okha osasudzulidwa chifukwa cha inki? Ndinanena pagulu kuti mayi ameneyu akufuna kudzipachika ndi chingwe chimene anapota yekha.

Lachiwiri masana, kutatsala tsiku limodzi, ndinali kupala thabwa pansi pa mtengo pomwe ndinkagwirira ntchito. Nditatukula mutu ndinawaona atagwada chapatali, cham'mbali, mmene mkazi amagwadira akuchimuna. Ndinacheuka kuti ndione amene akumugwadira, koma panalibe wina.

Anati tsiku la mlandu, nditagwira Baibulo, anamva ndikutchula dzina langa lonse, Benedict Kwenda. Anati a Rodgers nawonso chiwongo chawo chinali Kwenda. Ine sindinkadziwa, pakuti m'komboni tinkangoti ba Rodgers, ndipo pamaliro awo ndinakhala kumbuyo ndi anzanga a nsolo. Koma mwambo ndinkaudziwa. Kudziko la eni, wa chiwongo chimodzi ndi m'bale, amaika maliro ako, amakuimira paukwati. Amayiwo anali kundipempha kuti mawa m'mawa ndikakhale m'malo mwa mkulu wa mwamuna wawo, ndikawasudzule.

Chopalira chinandigwa m'manja. Ndinati sizingatheke, afune wina, ine ndi uja ndinawasiya pamvula. Anayankha kuti kuyambira pamene kalata yachiwiri ya ku Dedza inabwera afunsa ku Matero, ku George, ku Kalingalinga ndi ku Mtendere, m'matchalitchi ndi m'magulu a maliro a anthu a kwathu, ndipo Kwenda wina sanamupeze.

"Sininabwere kusakila munthu wabwino," anatero mofatsa, opanda chipongwe chilichonse. "Nabwera kuli m'bale wa amuna anga. Ndimwe alamu."

Ndakhalapo ndi mantha pamwamba pa nyumba zazitali, mphepo ikukankha lata lili m'manja, koma osati ngati a tsiku limenelo. Anadziwa dzina langa miyezi itatu yathunthu. Analisunga mumtima osauza munthu, akuyembekeza kuti sipadzafunika kugwadira amene anawavula denga, ndipo pamene panafunika anabwera n'kugwada, osachepetsa ulemu ngakhale pang'ono. Ndinavomera, chifukwa kukana kukanakhala kuzula kachiwiri.

Lachitatu m'mawa ndinavala jekete langa la ukwati. Akuluakulu awiri a kutchalitchi, a kwathu komweko, anandiuza zoyenera kunena ndi poyenera kukhala. Azimayi anawameta amayi Sophia kuseri kwa nyumba. Ine anandilowetsa m'chipinda n'kundikhazika pampando wa a Rodgers, pansi pa malata amene ndinazula ndi kukhoma ndekha. Katundu yense anali atamangidwa kale, pansi patasesedwa. Anthu anadzaza pakhomo mpaka pampopi, ndipo palibe amene ankatunga madzi. Amayi Sophia analowa, anakhala pansi pamphasa, miyendo atatambasula, mutu uli mbee.

Ndinayamba bwino. Ndinati mlamu, munasunga m'bale wathu ali moyo, munamuika mwaulemu, ndipo mwasunga nyumba yake atapita. Pamenepo panatsala mawu amodzi okha, amene ndiwo mwambo wonse. Ndinalephera kuwatchula. Ndinayesa kachiwiri, osatuluka. Mkulu wina anandigwira paphewa. Amene anali ndi mlandu m'chipinda chimenecho ndinali ine, ndipo aliyense woima pakhomo ankadziwa. Amayi Sophia sanatukule mutu, anangodikira, monga anadikirira pabenchi la khoti. Potsiriza ndinanena, misozi ikutsikira pajekete: "Ife a Kwenda tilibe nanu mlandu. Pitani kumene mufuna, ndinu omasuka." Ndinaika kakhobidi m'mbale monga mwa mwambo. Amayiwo anaomba m'manja katatu, pang'onopang'ono, ndipo azimayi anawatengera kuseri kukawavula zakuda.

Anatuluka atavala chitenje chobiriwira cha maluwa, ndipo ndinazindikira kuti ndinali nditaiwala kuti mayiyu si nkhalamba. Azimayi analulutira. Amuna tinanyamula bedi, sutikesi ndi mabeseni n'kuzikweza pagalimoto ya munthu wa kutchalitchi yopita kusiteshoni ya sitima. M'chipinda munatsala mopanda kanthu. Ba Kapembwa anabwera, chipewa chili m'manja, n'kuima pafupi ndi khomo. Dalaivala analiza injini. Tonse tinkaona ngati zatha.

Amayi Sophia anafunsa ba Mwewa, amene anali ndi wotchi, kuti nthawi ili bwanji. Anati kwatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane thwelofu. Amayiwo anagwedeza mutu, analowanso m'chipinda chopanda kanthu chija, n'kukhala pansi pakati penipeni, kiyi ali m'manja, chitseko chili chotsegula. Dalaivala anazimitsa injini. Palibe amene anawafulumiza, palibe amene anaseka. Mwini nyumba, tcheyamani, akulu a mpingo, azimayi ndi zidebe zawo, ndi ine, tonse tinaima padzuwa n'kudikira nawo, chifukwa mphindi zimenezo zinali zawo ndipo anazigula modula.

Huta ya kufakitale italira kuti thwelofu yakwana, amayi Sophia anaimirira, anatseka chitseko, anakhoma loko, n'kupereka kiyi kwa ba Kapembwa ndi manja awiri. Ba Kapembwa nawonso analandira ndi manja awiri.